Nkhope ya Agogo a Luwisi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachita chinthu chimene mwana wamkazi sachita kwathu ku Zingalume: ndinauza agogo anga aamuna kuti avule chipewa.

Agogo a Luwisi anafika kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Pothawapo anasiyana ndi mng'ono wawo Zuze, ndipo zaka zonsezo ankangoti anamwalira. Tsiku lina amalume, amene ankapita kutsidya kwa malire pa njinga kukagulitsa zitenje, anabwera ndi nkhani yoti akumana ndi mkulu wina dzina lake Zuze, wotchula mudzi womwe agogo ankautchula. Koma mkuluyo anali atanamizidwapo kale. Ananenetsa kuti sangapalase njinga masiku awiri asanaone nkhope ya mbale wakeyo. Anati akamudziwira chipsera cha pamwamba pa diso lamanzere, poti anamutema ndi khasu ndi iye yemwe, ali ana.

Amalume anali ndi foni yojambula. Kwathu chithunzi chopita kwa achibale chimayenera kuonetsa kuti simukuvutika. Choncho agogo anavala jekete, chipewa ndi nsapato za kutchalitchi, n'kuima njo masanasana, dzuwa lili pamutu. Amalume anabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, kufuna kuti ngolo, nkhokwe ndi ng'ombe ziwiri zilowemo. Zinalowadi. Koma nkhope ya agogo inatuluka ngati kambewu ka nyemba, bii mumthunzi wa chipewa.

Amalume atapita nacho chithunzicho, yankho la a Zuze linali lalifupi: "Ng'ombe ndaziona, munthu sindinamuone."

Agogo anangoyamba kukhala okha kuseri kwa nkhokwe, chakudya n'kumangochilawa. Zinandiwawa kwambiri, komanso amalume anandikwiyitsa, poti iwo ankangonena kuti foni ndi yachabechabe. Ulendo wa amalume unatsala umodzi wokha mvula isanatseke njira.

Ndinakadandaula kwa aphunzitsi anga a Tembo, mayi amene ankajambula ana pa tsiku la masewera. Anandipatsa foni yawo n'kundiuza kuti ndijambule mnzanga padzuwa, kenako pakhonde. Pakhonde paja nkhope inaoneka yonse, ndi timizere ta thukuta tomwe.

"Kamera ilibe nzeru, imangodya kuwala," anatero. "Dzuwa la masana limabisa maso. Jambula m'mawa, kuwala kum'menye munthu kumaso, osati kumsana. Pukuta galasi la kamera. Yandikira ndi miyendo yako, usakokere ndi chala. Gogoda pafoni pamene pali nkhope kuti ioneke bwino, zigongono uzimate kunthiti, ugwire mpweya, kenako dina."

Sabata yonse ndinajambula ndi foni ya aphunzitsiyo aliyense wondilola, ndi mbuzi zomwe.

Loweruka m'mawa ndinapempha foni kwa amalume. Anaseka mpaka kutsokomola. "Yandikanika ine, ndiye iwe?" Komabe anandipatsa, mwina pofuna kuti asekenso bwino.

Ndinaika mpando pakhonde loyang'ana kum'mawa, pamene kuwala kunali kofewa. Galasi la foniyo linali mafuta okhaokha, ndipo ndinalipukuta ndi nsonga ya chitenje. Agogo anakhala pampandopo, chipewa chili pamphumi. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Agogo, vulani chipewa."

Amayi anasiya kusesa. "Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

"Nanga ng'ombe?" anafunsa agogo. "Akati ndine mmphawi."

"Ng'ombe anaziona kale, agogo. Akufuna inuyo."

Anandiyang'ana, ine n'kumangodikira mbama ya amayi. Kenako anavula chipewacho pang'onopang'ono n'kuchiika pabondo. Poti ndinali chogwada, maso awo ndi kamera zinali pamzere umodzi. Ndinasendera mpaka nkhope inadzaza foni yonse, n'kuwafunsa kuti khasu lija linawapeza bwanji. Anayamba kuseka, akufotokoza za mbewa imene ankakumba ndi mng'ono wawo. Ndinagogoda pankhope, n'kugwira mpweya, n'kudina kasanu. Chithunzi chachitatu chinali ndi zonse: chipsera, imvi, ndi dzino limodzi lotsala m'mwamba. Amalume anachiyang'ana n'kunena kuti foniyo inali yabwino kuyambira kale.

Patatha masiku asanu ndi anayi amalume atanyamuka ndi chithunzicho, ndikuchokera kudimba, ndinaona njinga ziwiri zikulowa m'mudzi. Pa yoyamba panali amalume, pa yachiwiriyo panali munthu wokalamba, wamtali, fumbi mpaka m'nsidze. Sanadikire n'komwe kuti apatsidwe mpando. Njinga anangoitaya pansi, n'kupita molunjika kwa agogo, n'kuika chala pachipsera chija.

"Achimwene, ndinakutemani ndine," anatero.

Aka kanali koyamba kuona agogo akulira. Amayi anaimba nthungululu, mudzi wonse n'kukhamukira kwathu. Amalume anandinyamula m'mwamba n'kumauza aliyense kuti kujambulako anandiphunzitsa ndi iwo. Ndinawasiya, poti chimwemwe changa tsiku limenelo chikanakwanira anthu awiri.

Lero ndimajambula maukwati ku Chadiza. Anthu amafunabe kuti galimoto, masofa ndi nsapato zilowe, ndipo sindikana, ndimajambula. Koma sindichoka ndisanam'peze munthu aliyense pamene kuwala kwam'komera, n'kumuyandikira. Ndinazindikira kuti wachibale akakusowa zaka makumi atatu, safunsa kuti uli ndi chiyani. Amangofuna akuone kumaso.