Riboni ya a Merle ndi Dzungu la Mapaundi 104

Chaka chatha, pa chionetsero cha zaulimi cha m'tauni yathu kuno ku Wisconsin, a Merle Lindqvist adaima pa chimkuzamawu, tayi ili pakhosi, n'kulengeza kuti pa mpikisano wa maungu olemera, dzungu la mapaundi 998 lapambana la mapaundi 1,204. Adabwerezanso mwachifatse, poganiza kuti anthu akusekawo sadamve bwino.

Adapulumuka ndithu. Kwathu kuno munthu sitimumenya, timangomukumbutsa mpaka tsiku la maliro ake. Sabata yonseyo akalowa m'sitolo kukagula misomali, wogulitsa ankati, "Mukufuna naini kapena teni, achimwene? Samalanitu, naini ndi yambiri."

A Merle ndiwo adabweretsa kompyuta ku chionetserochi mu 1989, tsitsi lidakali lonse kumutu. Nkhokwe ya m'kompyutamo yosungiramo mayina a alimi ndi kulemera kwa maungu adaimanga okha, ndipo ankaiyamikira kuposa ana awo. Cholakwika chidali chimodzi: malo olembapo kulemera adawapanga a mawu, osati a manambala. Choncho makinawo ankandandalika masikelo ngati mayina a m'buku la telefoni, kuyang'ana chilembo choyambirira. Naini ndi wamkulu kuposa wani, basi nkhani yatha. Maungu onse akulemera mahandiredi sizinkaoneka. Tsiku lomwe lina lidadumpha sauzande, zidavumbuluka.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kugwa, a Merle adadzitsekera m'galaja ndi khofi wawo kuti asandutse mawuwo akhale manambala enieni. Ankati ndi ntchito ya tsiku limodzi. Makina adakana pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pomwe mlembi wina adalemba kuti "300 ndi pang'ono." Pena padali "lowola." Pena "funsani Harold," chikhalirecho Harold tidamuika kalekale. A Merle adanyoza alembiwo mmodzimmodzi, mpaka adakumbukira kuti zaka zambirizo mlembi adali iwo omwe.

Patatha masabata atatu zidatheka. Adadina batani, mndandanda wa opambana zaka zonse n'kutuluka woongoka bwino. Adatsika nawo ndi chala akumwetulira, mpaka pa 1991.

Pabalaza pa a Merle padali riboni yabuluu m'galasi, mphoto yokhayo yomwe adapatapo chibadwire. Mlendo aliyense, ngakhale wodzakonza mpopi, sankatuluka asadamve mbiri yake. Dzungu lawo la chaka chimenecho lidali la mapaundi 97. Tsopano pamwamba pake padakhala la mapaundi 104, la mayi Arlene Kowalczyk a khomo loyandikana nalo, omwe tsiku lolengeza adali kuchipatala, atangochira kumene mwana wawo wachitatu.

Padalibe wina woona. Kufufuta kamzere kamodzi sikukadatenga ndi mphindi yomwe. A Merle adangoti tong'o kuyang'ana 104 uja mpaka khofi adazizira. Akazi awo, omwe adandiuza zonsezi popanda kuwafunsa, akuti bambowo adazimitsa kompyuta n'kuyatsanso kawiri konse, kuti mwina isintha maganizo.

Kutacha adatsitsa galasi lija pakhoma, n'kuvala tayi yomwe ija, ulendo kudutsa m'chipale. Mayi Arlene adatsegula chitseko, manja ali mbuu ndi ufa.

"Mayi, pepani, ndabwera ndi nkhani yovuta pang'ono," adayamba a Merle. "Mukudziwa, makinawa akasunga nambala ngati mawu..."

Mayiwo adawalanda galasilo, n'kulipukuta ndi epuloni, n'kuliyang'anitsitsa ngati akufuna kuona kuti lasamalidwa bwanji.

"Inu a Merle, dzungu lija ndidalikweza ndekha m'galimoto ndili ndi pathupi, ndipo sikelo ndidaiona ndi maso angawa. Zaka zonsezi ndimangodikira kuti muphunzire kuwerenga."