Chitenje chimene munaberekera Tadala

Amayi, chitisiyireni sindinatsegule sutikesi yanu. Lero ndaitsegula, ndapeza chitenje chachikasu chija, n'kungokhala pansi.

Ndakumbuka masana aja ku Kawale. Zilonda za mashingozi zinali zitapola kalekale, koma ululu unatsalira kumsana mpaka m'nthiti. Bulauzi ikangokukhudzani, munkati zili ngati akuikani khala la moto. Kuchipatala anati shuga wanu ndiye anafooketsa thupi, komanso tinachedwa kubwera. Tikanafulumira bwanji inu mutabisa matuzawo poopa pakamwa pa anthu? Paja kuno munthu akangotuluka mashingozi, amayi a pampopi amakhala atamuyeza kale magazi. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Tsiku limenelo mwana wanga Tadala ankalira, akukukokani kuti mumubereke. Ine ndinamukalipira. Inu munati, "Mwana walakwanji? Bwera naye kuno." Munawerama, n'kumuika kumbuyo, n'kumanga chitenje pomwe pankawawapo. Ndinakuonani mukuluma mano, misozi ikutsika, koma munayenda naye uku ndi uku pabwalo mukumuimbira mpaka anagona. Kenako munamutsitsa pang'onopang'ono. Munandinong'oneza kuti, "Asadzakule akuganiza kuti agogo ake ankamukana."

Tadala pano ndi wamkulu, amapita yekha kusukulu. Ndamuonetsa chitenjecho, wachikumbatira n'kufunsa kuti, "Agogo ankandibereka tsiku lililonse, eti?"

Chidwalireni munamubereka kamodzi kokhako, Amayi. Koma ndamuyankha kuti eya.