Zikhomo Zofiira za ku Manje

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pa zitseko zosatseguka, khalani kaye pansi mumve za Modesta wa ku Manje.

M'mwezi wa Malichi 2023, Modesta ankagona pa simenti m'kalasi ya sukulu ina, atatsamira thumba la kaunjika wolandira. Namondwe wa Freddy anali atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Nyumba inapita. Mwamuna wake, Nedson, anapita nayo limodzi. Modesta anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Chiyamiko, ndi chitenje chimene anavala tsikulo.

Atabwerera pamalo pake anapeza chinthu chimodzi chokha: chitseko. Chinakodwa pa mtengo wa mango kumunsi, mahinjesi ake ali pomwepo. Nedson anali kalipentala, ndipo chitsekocho anachikhoma yekha. Modesta anachisenza pamutu akulira njira yonse. Anatola njerwa zosweka, anapempha malata akale, n'kumanga kachipinda kamodzi. Anthu ena amamanga nyumba kenako n'kufuna chitseko, koma iye anayambira ku chitseko.

Kuti adye, ankachapa zovala m'makomo a ku Nkolokosa. Njala ankaipirira. Chimene chinkamudya mtima ndi mwana. Kumwamba kukangoda, Chiyamiko ankakhala pakona manja ali m'makutu, akunjenjemera. Ndipo mwanayo sankalakwa, chifukwa madzi ochokera m'phiri analibe njira yawoyawo. Ankangodutsa pakati pa nyumba za anthu. Aliyense ankadziwa kuti pakufunika ngalande yaikulu, ya miyala ndi simenti.

Tsono muwadziwe anthu a ku Manje a nthawi imeneyo. Anali ataona magalimoto ambiri, alendo ojambula zithunzi ndi olonjeza zinthu. Mphekesera inali m'kamwam'kamwa yoti onse asamutsidwa, malowo agulitsidwa kwa mkulu wina wachuma wofuna kumanga loji yogona alendo. Munthu ukamupatsa moni wansangala, ankayamba wadzifunsa kuti ukufuna chiyani. Sindikuwanena. Inenso ndikanakhala pamalo pawo ndikanatero.

Tsiku lina Modesta akuchapa, anadandaulira mwini nyumba, mayi Sibongile, a ku Mzimba, amene anapuma ntchito m'boma.

"Za ngalandezo munamva kwa ndani?" anafunsa mayiwo.

"Anthu akungonena, mayi. Ena akuti ibwera, ena akuti atithamangitsa."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Msonkhano waukulu wa khonsolo suletsa munthu. Mukhoza kukakhala kumbuyo n'kumva ndi makutu anu. Kungoti simuloledwa kuyankhula."

Modesta anakayikira ngakhale zimenezi. Ankaganiza kuti akamubweza pageti. Komabe tsiku la msonkhano litafika anavala chitenje chochapa bwino n'kuyenda wapansi mpaka ku maofesi a khonsolo.

Mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. "Mwabwera kudzaona ndani, amayi?"

"Sindinabwere kudzaona munthu. Ndabwera kudzamva."

Mlondayo anazengereza, koma anamulozera khomo.

M'katimo munali a meya atavala tcheni m'khosi, makhansala, mafumu, ndi Chingerezi chothamanga kwambiri. Modesta sukulu analekezera sitandade sikisi. Tsiku loyambalo zimene anamva bwino ndi pemphero lotsegulira ndi lotsekera basi. Anabwerera miyendo ikuwawa, akudziseka yekha. Koma msonkhano wotsatira anapitanso, ndi winawonso.

Pang'onopang'ono anatola chinthu chimodzi. Nkhani m'nyumba imene ija sigwa kuchokera kumwamba. Imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wodi, khansala amainyamula, komiti ya zomangamanga imaiunika, kenako msonkhano waukulu umavomereza kapena kukana. Ngalande ya ku Manje panalibe amene anaikana. Inali isananyamuke n'komwe, chifukwa aliyense ankaganiza kuti mnzake anakanena kale.

Modesta anayamba kusowetsa mtendere a komiti ya m'wodi. Atatopa naye, nkhaniyo anailemba. Kenako anatembenukira kwa khansala wawo, bambo Duncan. A khansalawo akatuluka m'tchalitchi, ankamupeza panja. Akafika pamaliro, ankamupeza ali pomwepo. Bambowo anayamba kumuopa.

"Mayi, ndiuzeni chilungamo," anatero tsiku lina. "Wakutumani ndani? Alipo amene akufuna mpando wangawu?"

"Yandituma ndi mvula, a khansala."

Nkhaniyo inalowa pa ajenda, n'kuimitsidwa kaye. Dzinja lina linadutsa anthu akutchinga makomo ndi matumba a mchenga. Modesta sanasiye kuyenda. Mapeto ake, tsiku lina anamva ndi makutu ake dzina la Manje likutchulidwa, manja a makhansala n'kukwera m'mwamba. Ngalande inavomerezedwa.

Chimwemwe chake sichinafike ngakhale pageti. Bambo Duncan anamuitanira pambali, nkhope ili yolemera.

"Mayi, ndaona pulani ya injiniya. Madzi amatsata potsika, ndipo potsika penipeni ndi pamene munamanga kachipinda kanu. Ngalande idutsa pomwepo. Sindikunamizani, mu bajetiyi mulibe chipukuta misozi."

Modesta anatuluka pageti. Anayenda mpaka ku Manje osadziwa kuti akuponda pati. Walira mvula walira matope, amatero akulu, koma mwambi umakoma ukamauza mnzako. Nkhaniyi sanauze munthu.

Antchito oyeza malo anabwera m'kati mwa sabata, anthu ambiri ali ku maganyu m'tauni. Anayambira kumtunda, kukhoma zikhomo za mitu yopaka penti yofiira. Dzuwa linawathera asanafike kumunsi kwa Modesta.

Penti yofiira! Ku Manje, mtundu umenewo ukaoneka pafupi ndi khoma umatanthauza chinthu chimodzi: kugumula. Anthu pobwera ku ntchito anapeza zikhomo zitandandalika m'mbali mwa nyumba zawo, popanda wowauza kanthu. Amene anatsogolera mkwiyo anali Flexon, mkulu wake wa malemu Nedson, woumba njerwa, munthu amene anakumba matope ndi manja kufunafuna mng'ono wake.

"Ayamba kuyeza malo a loji ija," anatero. "Tikagona tidzukira pa msewu."

Pofika m'mawa zikhomo zonse zinali zitasanduka nkhuni. Ena anaphikira tiyi. Antchito anabweranso, anakhomanso kumtunda komweko, anthu n'kuzulanso.

Pa msonkhano wotsatira khansala wa wodi ina anaimirira. "Ngati anzathu a ku Manje sakuifuna ngalandeyi, kwathu anthu akuilirira. Tiisamutse." Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo sanali olakwa. A meya anapereka mwayi womaliza: ukadzafika msonkhano wina zikhomo zisanaime, ntchitoyo ipite kwina. Modesta anali kumbuyo kuja, mawu atadzaza m'kamwa, lamulo likumuletsa kuwatulutsa.

Apa ndi pamene ndimamulemekezera mayi ameneyu, chifukwa yesero linali lalikulu. Akanangokhala chete, zikhomo zikanazulidwanso, ngalande n'kupita kwina, kachipinda kake n'kutsala. Palibe akanamudzudzula. Ndipo ganizo limeneli linamubwerera, osati kamodzi. Ankakonda kachipindako. Ankaopa kuyambiranso pa simenti ya m'kalasi.

Pamwamba pa zimenezi, Manje yense anamutembenukira. Anthu anakumbukira kuti pali mayi wina amene amapitapita ku khonsolo. Munthu wochapa zovala akatani kumeneko ngati sakudya nawo? Ena anati analandira chibanzi. Ena anati anamulonjeza puloti ku Machinjiri. Wina analumbira kuti anamuona akutsika m'galimoto ya mwini loji, galimoto imene mpaka lero palibe akudziwa mtundu wake. Pa kiyosiki ya madzi amayi ankasuntha zidebe zawo iye akafika.

Flexon anamupeza pomwepo, pagulu.

"Alamu, shuwa inuyo? Magazi a mng'ono wanga ali m'dothi lino, inu n'kumatigulitsa?"

"Ndi ngalande, alamu. Ndinamva ndekha."

"Ngalande imene ikuzungulira nyumba za ife, yanu n'kuilambalala? Pakhomo panu taonapo chikhomo ife?"

Modesta anasenza chidebe chake n'kuchoka. Anadziwa kuti mawu sangathandize. Munthu wokayikira ukamufotokozera bwino, amati wakonzekera bodza.

Madzulo a tsiku lomwelo kunagwa kamvula ka chizimalupsa. Chiyamiko anathamangira pakona paja, manja m'makutu. Modesta anamuyang'ana nthawi yaitali. M'mawa anapita kwa bambo Duncan.

"A khansala, musakhomenso anthu kulibe. Bwerani Loweruka, aliyense ali pakhomo. Ndipo muyambire kumunsi."

Loweruka anthu anasonkhana, ena atanyamula makasu. Injiniya anayesa kufotokoza za pulani, koma palibe anatchera khutu. Ndiye anangotambasula chingwe kuchokera ku mtsinje kukwera nacho. Chingwe chinadutsa pa mtengo wa mango uja, chinadutsa pa kamunda ka mpiru, n'kukaima pa chitseko cha Modesta, pakati penipeni.



Flexon sanafune kugonja msanga. "Ndiye kuti awalipira. A khansala, nenani pano, awapatsa chiyani?"

"Palibe, achimwene. Ndinawauza tsiku lomwe ngalandeyi inavomerezedwa."

Modesta analowa m'kachipinda, anatulutsa mphasa, mapoto ndi thumba la zovala, n'kuziika pansi pa mango. Anatenga chikhomo chofiira m'manja mwa wantchito, n'kuchikhoma yekha ndi mwala pakhomo pake. Misozi sanaibise. Kenako anatembenukira kwa mlamu wake.

"Alamu, njerwazi zigwe, zilibe kanthu. Koma chitsekochi anakhoma ndi mng'ono wanu. Ndithandizeni kuchichotsa bwinobwino, chisathyoke."

Flexon anaima ngati chitsa. Anayang'ana chingwe, anayang'ana phiri, anayang'ana chitseko. Khasu linagwa m'manja mwake. Anapita pang'onopang'ono, n'kuyamba kumasula mahinjesi ndi nsonga ya mpeni, nkhope atabisa kukhoma kuti anthu asamuone.

Atamaliza anachisenza yekha pamutu.

"Mukupita nacho kuti?" anafunsa Modesta.

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo. Njerwa ndili nazo zootcha kale." Anayenda pang'ono n'kuima. "Amene azule chikhomo pano athana ndi ine."

Tsiku limenelo zikhomo zinakhomedwa kuchokera kumunsi mpaka kumtunda, anthu akugwira okha chingwe. Zinapezeka kuti nyumba zina zonse ngalande inangozidutsa m'mbali. Ena anataya mpanda, wina anataya bafa. Amayi aja osuntha zidebe ndi amene anatuta njerwa kupita kwa Flexon, akuyankhula zambiri za nyengo kuti asayankhule za manyazi awo.

Msonkhano wa khonsolo utakwana, bambo Duncan anaimirira n'kunena kuti zikhomo za ku Manje zaima. Kumbuyo kuja sikunali Modesta yekha. Mabenchi anadzaza, Flexon ali kutsogolo kwawo atavala jekete yobwereka, akuyang'ana aliyense wolankhula ndi diso lokayikira. Nthawi ino kukayikirako kunali pamalo pake, chifukwa anabwera kudzamva yekha.

Ngalande inamangidwa mvula yeniyeni isanayambe. Tsiku limene inagwa yamphamvu, masana, madzi ofiira anatsika m'phiri akulindima, n'kulowa m'njira yawo. Anadutsa pamene panali mphasa ya Modesta, n'kukathira ku mtsinje. Palibe nyumba imene inalowa madzi. Chiyamiko anayamba wathamangira pakona. Kenako anadzuka, anatsegula chitseko cha bambo ake, n'kuima pakhomo kuonerera.

Lero Modesta ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'wodi yawo. Anthu omwe aja ndi amene anamusankha. Ankachapa zovala za ena, tsopano injiniya akafika ku Manje amayamba wafunsa kumene ali. Alipobe ena amanong'ona kuti payenera kuti pali chimene anadya. Ife a Kabula timatero, sitisintha msanga. Iye akamva amangoseka n'kuwauza tsiku la msonkhano wotsatira.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwakhala kumbuyo nthawi yaitali, osaloledwa kuyankhula. Mwina amene mukuwamenyera nkhondo ndi omwe akukunenani. Zimawawa, sindikukana. Koma Modesta analibe sukulu, analibe mwamuna, analibe ngakhale omukhulupirira. Anali ndi miyendo yopitira ku msonkhano ndi mtima wolola kuti ngalande idutse pakhomo pake.

Nyamukani mukamve nokha. Akakubwezani, pitaninso. Ndipo zonse zikakokoloka n'kukutsalirani chitseko chokha, musachitaye, ndipo musataye mtima. Chisenzeni, nyumba idzamangidwa pomwe muchiimike.