Kauthenga Kanu Kakali Kubwera

Ba sisi, lelo laputopu yanikumbutsanso kumwa madzi, ine nangoyamba kulira.

Tsiku lija ku Kanakantapa netiweki itakana, munaniikira mapulogalamu kuchoka pa fulashi yanu: ina yolembera khodi ya kompyuta, ina yobweza nchito nikaononga. Pothera munaikapo kapulogalamu kamene munalemba nokha, kotulukira pa sikirini nikakhalitsa pampando: "Iwe, nyamuka ukamwe madzi." Ninakwiya, nati sindine mwana. Munangoseka.

Manje laputopu yayamba kuzimazima. Wokonza ku Chongwe akuti afafanize zonse, tiyambe kuikamo zatsopano. Namulanda, nabwera nayo. Nidziwa ningakakopere kwina kapulogalamuko, koma muno munakaika ni manja anu. Tinakuikani m'manda chaka chatha, mukali kunituma. Madzi namwa, ba sisi.