Ananditaya Kolondera Nyumba Yopanda Kanthu, Lero Akuti Ndinathawa Ntchito

Ofesi yoona za anthu apantchito yandiuza kuti mlandu wanga ndapambana. Ndapambana, eti. Mphoto yake ndi yakuti ndibwerere kutchire komwe kampani inanditaya kuti nditope ndichoke ndekha. Ndikulemba pano chifukwa kunyumba kulibe woti ndimuuze. Werengani mpaka kumapeto, kenako mundiuze ngati wamisala ndine.

Ndine Armando, kwathu ndi ku Mandimba. Tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha ndili kamnyamata, ndipo chiyambire ndimadyera mapewa. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikusenza matumba pa kampani ina yogula mbewu ku Cuamba. Nandolo, soya, chitowe, zonsezo zadutsa pamsana panga. Banja linali kumudzi, ine ndinkapitako mwezi ukatha. Nyengo yogula mbewu tinkaweruka kutada, koma ukangotchula za malipiro a maola owonjezera unkafunsidwa ngati waiwala pomwe pali chipata. Zimenezo ndinapirira, sindikudandaula nazo lero.

Chaka chatha mulu wa matumba a nandolo unagumuka n'kundigwera. Fupa la m'chiuno linathyoka. Ndinatuluka m'chipatala ndi ndodo, ndipo adokotala analemba kuti thumba sindidzasenzanso. Sindinapite patali ndi sukulu, koma ndikudziwa kuti munthu wovulala pantchito amayenera kulandira chipukuta misozi, ndipo sachotsedwa chisawawa. Ngakhale wogulitsa makala pamsika amadziwa zimenezi.

Akapitawo athu, a Zhuliyu, anabwera kudzandiona ali ndi nkhope ya mafuta. Anati kampani imandikonda, singanditaye. Anati za chipukuta misozi zikuyenda, bola ndikhalebe pantchito. Anati andipezera ntchito yopepuka, yongokhala pansi. Ndinawathokoza ndi manja awiri, chitsiru ine.

Ananditenga pa galimoto mpaka kuseri kwa Etatara, komwe msewu umathera m'maudzu. Kumeneko kuli aramazeni ya kampani, chinyumba cha malata chosungiramo mbewu. Anasiya kugulirako mbewu kalekale mlatho utakokoloka. M'katimo ndinapezamo sikelo yothyoka, matumba odyedwa ndi makoswe, ndi mileme. Ndinafunsa kuti ndizilondera chiyani. A Zhuliyu anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti malata.

Anzanga akale anali atandinong'oneza kale za machitidwe amenewa. Wovulala samuchotsa, chifukwa akamuchotsa ayenera kumulipira. Amamuponya kutali kuti mtima umuwawe, achoke yekha, iwo alembe kuti wathawa ntchito. Wothawa salandira kanthu. Ndiye ndinadziuza kuti Armando, khala pompano ngakhale umere mizu.

Ndinakhala kuyambira Disembala mpaka Epulo. Anthu akumeneko amalankhula Chimakuwa. Ine ndili ndi Chinyanja, Chiyao, ndi Chipwitikizi chongogulira mchere. Masiku ankatha osatsegula pakamwa. Nthawi zina ndinkatsokomola dala kuti ndimve ngati mawu akadalimo. Khirisimasi ndinadyera pakhomo la aramazeni, chaka chatsopano chimodzimodzi. Galimoto ya kampani sinabwere ngakhale kamodzi kudzaona ngati ndili moyo. Malipiro ankabwera pa foni, mochedwa, komanso odulidwa. Nditafunsa anati akudula ya nyumba. Mwamva? Ndinkalipira lendi yogona ndi mileme.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandiona tsiku ndi tsiku. Dzina lawo ndi mayi Alima, amasiye, munda wawo unachita malire ndi aramazeni. Sitinkamvana chinenero. M'mawa ankakweza khasu, ine n'kukweza ndodo, moni n'kutha. Ataona kuti ndowa ikundikanika, anayamba kunditungira madzi n'kumasiya pakhomo, nthawi zina ndi chinangwa chophika pambali.

Mu Febuluwale mkazi wanga Marita anayamba kudwala. Mwana wathu Rosa ndiye ankandiimbira. Katatu ndinapempha a Zhuliyu kuti ndikamuone, katatu anati ndidikire apeze wogwirizira. Wogwirizira kulondera malata! Marita mwiniwake ankandiletsa. Ankati ndisachoke, ndikangochoka zaka zonse zija zapita pachabe, iye achira. Ndinamumvera. Anamwalira mu Epulo ine ndili kutchire.

Nditamva uthenga ndinaimbira a Zhuliyu ndikulira. Mawu awo ndikuwakumbukira bwinobwino: “Pepani bambo, nyamukani, maliro ndi maliro.” Ndinanyamuka. Titaika maliro sindinadikire ngakhale kuti abale abalalike, ndinabwerera. Ndinapeza loko watsopano pachitseko, zofunda zanga zili panja. Mayi Alima anandilozera pansi pomwe matayala anaponda, n'kundisonyeza ndi manja kuti galimoto inafika m'mawa wake nditangochoka. Galimoto imene inasochera miyezi isanu inapeza msewu tsiku limodzi. Foni yanga yopempha chilolezo ndi imene inawauza kuti bwerani, wachoka. Ku Cuamba kunali kalata ikundidikira, yonena kuti ndathawa ntchito.

Tsopano timve za ofesi imene inaikidwa kuti iteteze anthu ngati ine.

Ulendo woyamba ndinafika asanatsegule. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Mayi wa pa desiki yolandirira anthu anali pa foni, akuseka ndi mnzawo m'Chimakuwa. Atamaliza anandifunsa vuto langa osandiyang'ana. Ndinafotokoza. Anafunsa ngati chilolezo chopita kumaliro chinali cholembedwa. Ndinati chinali cha pa foni. Anati cha pa foni si chilolezo. Ndiye ndikanatani, mayi? Ndikanauza mtembo kuti udikire kalata ichoke ku Cuamba pa msewu wopanda mlatho?

Kenako anati kampani ikunena kuti sindinkakhalako n'komwe ku aramazeni, ndinkangolandira malipiro ndili kwathu. Anati ndibweretse mboni yoti inkandiona pantchito. Ndinatsala pang'ono kuseka. Anandiponya kumeneko dala kuti pasakhale wondiona, lero akufuna wondiona. Ndinafunsa ngati mileme imaloledwa kuchitira umboni. Anati ndisachite mwano mu ofesi ya boma, ndibwere Lachiwiri ndi mboni, a tekiniko omva milandu adzakhalapo.

Ndinabwerera ku Etatara kukapempha mayi Alima. Mphunzitsi wa kumeneko ndiye anatimasulira. Inali nthawi yokolola, mapira awo mbalame zikuwathera, koma anavomera. Anavala chitenje chawo chabwino. Ndinalipira njinga yamoto mpaka kumsewu, kenako shapa, minibasi ija, mpaka ku Cuamba, ndi ndalama zimene anthu anapereka pamaliro a Marita.

Tinafika Lachiwiri lija. A tekiniko kulibe, apita kumsonkhano ku Lichinga. Ndinakumbutsa mayi wa pa desiki kuti tsikuli ananditchulira okha. Anati iwo sayendetsa miyendo ya a tekiniko, tibwere mawa. Ndinapempha malo kwa anthu a mpingo wathu kuti mayi Alima agone. M'mawa tinabwereranso pabenchi pomwe paja.

A tekiniko anafika mochedwa, atanyamula makiyi a galimoto ndi botolo la madzi. Anatilowetsa. Funso loyamba, bilyeti ya mboni ili kuti, chiphaso chija cha boma. Mayi Alima alibe, yawo inapsera m'nyumba zaka zapitazo. A tekiniko anati munthu wopanda chiphaso sangachitire umboni. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zimenezi ulendo woyamba. Anati sindinafunse. Ndinapempha kuti angowamva, za chiphaso tidzaona. Anati palibe womasulira. Ndinaloza mayi wa pa desiki, amene ndinawamva ndi makutu anga akuseka m'Chimakuwa tsiku lonse. Anati kumasulira si ntchito imene analembedwera.

Mayi Alima anaona kuti zinthu zavuta. Anaimirira osapemphedwa n'kuyamba kulankhula. Analoza ndodo yanga, analoza chiuno changa, anachita ngati akutula ndowa pansi. Analankhula nthawi yaitali. Ine sindinamve liwu lililonse, koma m'chipindamo munali anthu awiri amene anamva zonse, a tekiniko ndi mayi wa pa desiki uja, ndipo palibe anagwira cholembera. Atamaliza anakhala pansi n'kukonza mpango wawo. Ndinawaperekeza kokwerera shapa manyazi atandigwira, moti sindinathe kuwayang'ana kumaso. Sindingawapemphenso kuti asiye munda wawo chifukwa cha ine.

Pambuyo pake ndinayenda maulendo ena amene sindiwafotokoza. Mawa, sabata yamawa, makina afa, wosainira ali patchuthi. Ku ofesi ina yoona za olumala anati sangayambe kanthu popanda kalata ya kampani yonena kuti ndinavulala pantchito yawo. Kampani ikuti silembera kalata munthu wothawa. Ndodo yanga yafupika ndi misewu ya Cuamba. Anzanga amene ndinasenza nawo matumba zaka zonsezi akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Sindiwada, ali ndi ana.

Lachinayi lapitali anatiitana tonse. A Zhuliyu anabwera m'malo mwa kampani. Anawapatsa mpando wa khushoni, ine wa chiuno chothyoka anandisiyira kampando kopanda potsamira. A tekiniko anamwetulira n'kunena kuti ali ndi nkhani yabwino. Kampani yachita chifundo, yavomera kufufuta zoti ndinathawa. Yavomera kundibwezera pantchito. Ndinafunsa kuti ntchito iti. Anati yomwe ija, ku aramazeni, popeza ndi yokhayo yogwirizana ndi thanzi langa. Za chipukuta misozi anati ndi nkhani ina, ipitiriza kuyenda, bola ndikhalebe pantchito. Mawu omwe aja, tsopano akutuluka pakamwa pa boma.

Ndinati sindingabwerere kumeneko. Ndinafotokoza kuti kulibe chipatala, kulibe munthu, mvula ikabwera msewu umatha. A tekiniko anati ndili ndi ufulu wokana, koma ndikakana alemba kuti ntchito ndaikana ndekha pamaso pa ofesi, ndipo mlandu utsekedwa. Ndiwayankhe Lolemba.

Ndipamene a Zhuliyu anandigwira paphewa ngati m'bale. Analankhula mofatsa kwambiri.

“Bwererani, bambo Armando. Panopa mulibenso choti chizikusokonezani, mayi akunyumba aja anapuma.”

Ndinayang'ana a tekiniko kuti mwina adzudzula. Ankayang'ana wotchi. Mayi wa pa desiki anali atalowa ndi mapepala, anangowaika patebulo n'kufunsa ngati ndisaina lero kapena Lolemba. Ndinatola ndodo yanga n'kutuluka. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango panja pa ofesiyo. Ndinatulutsa foni kuti ndiuze munthu zimene ndamva, ndipo ndinazindikira kuti ndikufufuza nambala ya Marita.

Ndiye inu akuluakulu a ofesi imeneyi, ngati alipo amene amawerenga pano, ndiyankheni. Munthu akapita kukaika mkazi wake atauzidwa kuti pita, wathawa ntchito? Mboni ikaimirira pamaso panu n'kulankhula chinenero chimene inu mumalankhula kunyumba kwanu, imakhala kuti sinalankhule? Kalata ya adokotala ili m'manja mwanu, chiuno changa mwachiona ndi maso, mukudikiranso chiyani kuti muuze kampani indilipire? Mumagwirira ntchito ndani?

Kwa inu anzanga osenza matumba, ku Cuamba, ku Mandimba, ku Entre Lagos, mverani ine. Mukavulala, musalandire ntchito yopepuka musanaione ndi maso. Chilichonse chimene akapitawo anena, alembe. Akakuuzani pepani, alembe. Ndipo kunyumba kukadwala munthu, pitani. Musadikire wogwirizira, sabwera.

Lolemba ndipita ku ofesi kuja ndekha, monga ndakhala ndikupitira. Sindisaina. Alembe zimene akufuna, koma alembe ndili pomwepo ndikuwayang'ana. Marita anamwalira akundiuza kuti ndisachoke kuti ndisataye zaka zanga, ndipo ndinakhala. Tsopano akuti imfa yake yandipepukitsira ntchito. Amene angandiuze lamulo limene limalola zimenezi abwere andiwerengere, ndidzakhala pabenchi.