Manaini Awiri ku Lavington

Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula, umayankha kuti "chabwino" ngakhale usakugwirizana nazo. Ndinakulira ku Zomba m'nyumba ya achemwali anga ndi amuna awo, ndipo alamu angawo anali ngati bambo anga enieni. Iwo ndi amene anayamba kubwera ku Nairobi kudzagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu. Ine ndinatsatira patapita zaka, nditapeza kantchito kanga, n'kuchita lendi ku Roysambu. Ndinali mayi wamkulu wa makiyi akeake, koma pamaso pa alamu ndinkabwerera kukhala kamtsikana kotumidwa mchere.

Ndi iwo omwewo amene anandiphunzitsa masewera a makhadi a pafoni otchedwa poka. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu amatembenuzidwa pakati pang'onopang'ono. Mnzako akaika ndalama, iwe umasankha: kutaya makhadi ako n'kumusiyira zonse, kapena kuika zofanana ndi zake kuti aonetse zimene ali nazo. Ndalama zake zinali zochepa, tebulo la mashilingi mazana asanu, zosakwana ngakhale kugulira anthu awiri nyama yootcha. Malamulo ndinawagwira msanga. Chimene chinkandikanika chinali china. Kuuza munthu kuti aonetse makhadi kuli ngati kumuuza m'maso muli gwa kuti akunama, ndipo pakamwa panga mawu amenewo sanazolowerepo.

Choipitsitsa, patebulo limene ndinkakonda panali wosewera wina amene anaika chithunzi cha nkhalamba ya imvi, yovala chipewa. Ndinkadziwa bwino kuti chithunzi n'chithunzi chabe, mwina kuseri kwake kunali mayi wa kudziko lina akusenda mbatata. Koma nkhalambayo ikakankha ndalama zake zonse pakati, chala changa chinkathamangira chokha kukataya makhadi. Ndikunena zoona, tsiku lina ndinadzimva ndikunong'oneza kuti "pepani" kwa foni, ndili m'matatu, minibasi ya kuno. Zinandinyansa kwambiri.

Ndiye ndinayamba kuiyang'anitsitsa nkhalambayo. Pa Thika Road magalimoto akaima m'mawa, nthawi imakhalapo yambiri, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha masabata angapo ndinaona kakhalidwe kake. Ikakhala ndi makhadi abwino inkaika pang'ono, msangamsanga, ngati wogulitsa amene akuopa kuti kasitomala athawa. Ikakhala ilibe kanthu inkayamba yakhala chete, kenaka n'kukankha zonse mwaukali. Ndinaiona ikuchita zimenezi kwa ena kangapo. Koma kudziwa ndi kwina, kulimba mtima ndi kwinanso, ndipo ine ndinkatayabe.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapita kukadya kwa achemwali ku Lavington, dera la anthu olemera. Titamaliza mpunga ndi nkhuku, tinakhala pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo. Achemwali ankathira tiyi, ine n'kutulutsa foni. Alamu anakokera mpando wawo kumbuyo kwanga, magalasi ali pamphuno.

"Mlamu, mukadali nayo game imeneyi?" anatero. "Inu ndinu aulemu too much. Anthu awa akungokudyerani. Delete basi, si ya anthu ofatsa."

"Chabwino, alamu," ndinayankha, koma mawu awo anandilasa. Ndinadziuza mumtima kuti ngati lero nditayanso makhadi chifukwa cha mantha, ndifufuta masewerawo pomwepo n'kuvomereza kuti ine ndine wa "chabwino" mpaka kumanda.

Nkhalamba ija inalipo. Posakhalitsa ndinalandira naini ndi teni, ndipo ena onse atataya tinatsala awiri, ine ndi iyo. Makhadi atatu oyamba anatembenuzidwa: mfumu ya mitima, naini ya mitima, ndi folo yakuda. Ndiye kuti ndinali ndi manaini awiri, dzanja lapakatikati, loti aliyense wokhala ndi mfumu akanandigonjetsa. Iyo inaika, ine ndinatsatira. Khadi lachinayi linali thuu yakuda, ndipo inaikanso, ine n'kutsatiranso. Lachisanu linabwera sikisi, lakudanso. Nkhalamba inakhala chete kwa kanthawi. Kenaka inakankha zonse.

"Tayani," anatero alamu nthawi yomweyo. "Ali ndi king ameneyo. Galu wamkota sakandira pachabe."

Kamzere ka nthawi kanayamba kufupika pansi pa makhadi anga. Ndinali ndi masekondi ochepa, ndipo akuluakulu oti ndiwatsutse anali awiri, wina m'foni, wina akupumira m'khosi mwanga. Wa m'foniyo anali wopepuka. Wa kumbuyoyu ndi amene anandiperekeza tsiku loyamba ku sekondale, ndipo ndinali m'nyumba mwake, nditakhuta nkhuku yake.

Komabe mutu wanga unkagwira ntchito. Ikanakhala ndi mfumu, ikanaika pang'ono kuti ndisathawe. Pakati panali mitima iwiri kuyambira pachiyambi, ndipo munthu wokhala ndi mitima ina iwiri m'manja amakakamira poyembekezera wachisanu, chifukwa makhadi asanu a mtundu umodzi ndi dzanja lamphamvu. Mtima wachisanuwo sunabwere. Ndiye kukhala chete kuja, ndi ukali uja.

"Mlamu, wacha mchezo, siyani zachibwana, time ikutha. Fold! Tayani!"

"Amvereni alamu anu," anatero achemwali, ngakhale makhadi sankawadziwa n'komwe.

Ndinaopa kwambiri, ndipo sindinkaopa kuluza mashilingiwo. Ndinkaopa kuti ndikalakwitsa, alamu adzaikamba nkhaniyi pa chakudya chilichonse mpaka tonse titapuma pantchito.

"Ayi, alamu," ndinatero. "Ndikufuna ndione."

Ndinadina. Makhadi a nkhalamba anatembenuka: seveni ya mitima ndi eyiti ya mitima. Inalibe kanthu, ngakhale makhadi awiri ofanana. Ndalama zonse zinatsetsereka kubwera kwa ine ndi kaphokoso kaja ka foni.

Ndinakuwa! Ine amene anthu a ku ofesi amati ndimalankhula ngati ndikupempha moto, ndinalumpha n'kululutira pakhonde la ku Lavington, kumene anthu amatsekula geti mwakachetechete. Galu wa aneba anayamba kuuwa. Achemwali anatayira tiyi m'sosala, akufunsa kuti ndawina zingati, ndipo nditawauza anaseka mpaka misozi, chifukwa ankayesa kuti ndi ndalama zogulira galimoto.

Alamu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Luck chabe imeneyo," anatero. "Bahati, mwayi basi. Mawa akudyani."

Apa ndi pamene ndikanati "chabwino". Mawuwo anafika ndithu pamilomo, koma ndinawabweza.

"Si luck, alamu. Inuyo munalakwitsa."

Achemwali anayang'ana amuna awo, kenaka ine, ketulo ili m'malere. Koma ine sindinapepese. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo. Kenaka anavalanso magalasi, ananyamula mpando wawo kuuchotsa kumbuyo kwanga, n'kuuika pambali panga.

"Sawa, ndamva," anatero. "Tandiuzani. Munadziwa bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, za kuika pang'ono msangamsanga, za kukhala chete, za mtima umene sunabwere. Ndinalankhula mpaka tiyi anazizira, ndipo alamu, bambo amene anandilera, sanandidule mawu ngakhale kamodzi.