Fupa la Aphunzitsi Namakhwa

Kwa zaka makumi atatu, a Hopewell Namakhwa anaphunzitsa Chingerezi ku Milonde. Mwana akayankhula Chilomwe m'kalasi, ankamuveka fupa la ng'ombe m'khosi mpaka poweruka. Amene analivala kwambiri anali Dario, moti sukulu anaisiyira panjira, nakayamba kunyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula.

Atapuma pantchito, aphunzitsiwo ankazungulira msika ndi choko m'thumba, kukonza zikwangwani za magolosale eni ake asanawapemphe.

"Chingerezi chatha m'dziko muno," ankadandaula.

Chiperoni cha chaka chino chitatsika m'phiri, mayi awo okalamba, a Eufemia, anadwala mwakayakaya. Chichewa chinawathawa, n'kutsala Chilomwe chokha cha kwawo ku Mozambique. Aphunzitsi anatchera khutu kuti amve mawu otsiriza a mayi awo, koma sanatolepo kanthu, poti chiyankhulocho anachitaya kalekale.

Anaitanitsa Dario. Iye anagwada pambali pa mphasa, namvetsera.

"Akuti chiyani, iwe?" anafunsa aphunzitsi.

Dario anayang'ana pansi.

"Aphunzitsi, akuti mwana wawo Hopewell anapita kusukulu ndipo sanabwerebe. Akufunsa ngati bwana akhala apawa anamuonako."